Mabwana akuyamikira koma giredi siikusuntha

Achemwali ena amene amagwira ntchito ku Department of Veterans Affairs ku America andilembera imelo. Akuti atha zaka ali pa GS-9, giredi ya nambala 9 pa mndandanda wa malipiro a ogwira ntchito m'boma, amayendetsa mafayilo a asilikali opuma ofuna chipukuta misozi, mabwana amawayamikira koma pulomoshoni osaoneka. Akufunsa ngati vuto ndi loti iwowo sanakhalepo msilikali, komanso ngati kuli bwino angosiya.

Achemwali, imelo yanuyi yandikhudza kwambiri chifukwa nanenso ndinagwirapo m'boma lomweli, ku ofesi ina, ndipo munali mayi wina wachikulire amene aliyense wolowa kumene ankamutumiza kwa iwo kuti akamuphunzitse ntchito. Ine anandiphunzitsa ndi iwowo. Munthu akabwera atakwiya, mapepala ali m'manja, akukuwa kuti boma lamuiwala, mayiwa ankamukhazika pansi n'kumumvera mpaka mtima wake utsike, kenako n'kutsegula fayilo limodzi naye tsamba ndi tsamba. Anyamata amene anawaphunzitsa anakhala mabwana awo iwo akadali pa desiki yomweyo, ndipo anapuma pa giredi yomwe ndinawapezapo. Tsiku lotsanzikana bwana anayankhula mawu okoma ambirimbiri ine misozi ikulengeza, osati ndi chimwemwe ayi, zinkandipweteka.

Ndipo ndinene mosabisa, dongosolo limeneli ndi lolakwika. M'boma giredi ndi ya mpando, si ya munthu. Mpando wanu ngati unalembedwa kuti umathera pa GS-9, mutha kugwira ntchito ya anthu atatu koma bwana wanu alibe mphamvu yongokukwezani chifukwa wakondwa nanu. Chomwe chimabwera chokha ndi masitepe, timagawo ta malipiro ta mkati mwa giredi yomweyo, ndipo nawo ndi apang'onopang'ono: atatu oyamba chaka chimodzi chimodzi, atatu otsatira zaka ziwiri ziwiri, otsalawo zaka zitatu zitatu, kuchoka pa sitepe 1 kufika pa 10 ndi zaka 18 zathunthu. Ambiri amaona kandalama kawonjezekera n'kumati ndikukwera, pamene ali pomwepo.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'choti amene amadziwa kuyankhula ndi msilikali wakale ndi amene amayenera kumusiya kuti akwere. Ine nditakwera ndinasiya kuonana ndi anthu, tsiku lonse misonkhano ndi malipoti basi, ndalama inakwera koma chimene chinkandidzutsa m'mawa chinatsala kumbuyo. Tangoganizani za ku ntchito kwanuko, chisainireni mu 2022 lamulo la PACT Act, lowonjezera thandizo kwa asilikali opuma amene anakhudzidwa ndi poizoni, mafayilo anachuluka, anthu amene anapuma utsi wa maenje otenthera zinyalala ku Iraq ndi ku Afghanistan, madala amene anamenya nkhondo ku Vietnam n'kukhudzidwa ndi mankhwala ophera zomera otchedwa Agent Orange, ena akudwala khansa, ena ndi amayi amasiye. Munthu wotere akufunika kukumana ndi wodziwa ntchito komanso woleza mtima, ndiye boma likanayenera kulipira bwino anthu oterewa ali pa desiki pomwepo, osawakakamiza kusankha pakati pa malipiro ndi anthu amene amawatumikira. Izi sindisintha maganizo.

Za usilikali zija

Apa mtima ukhale m'malo. Mapointi 5 kapena 10 amene asilikali opuma amaonjezeredwa pofunsira ntchito amagwira ntchito polowa m'boma, pa pulomoshoni ya mkati sawerengedwa. Ndiye musayambe kuwaona ndi diso loipa anzanu amene anavalapo yunifolomu, ambiri a iwo akudandaula zomwe mukudandaula inuzi, ena akubwera ku ntchito ndi mabala amene inu simuwaona.

Musasiye ntchito musanayese izi. Funsani ku HR kuti mpando wanu umathera giredi iti. Masabata 52 ofunika pa giredi imodzi musanakwere munakwanitsa kalekale, choncho lowani pa USAJOBS, tsamba la pa intaneti lolengezerapo ntchito za boma, muziponya mafomu pa mipando ya pamwamba, makamaka imene yalembedwa kuti imakwera yokha mpaka GS-11 kapena 12, ngakhale ili ku nthambi ina kapena mzinda wina. Pa CV lembani ntchito zenizeni zimene mumagwira ndi mawu amene ali pa chilengezo cha ntchitoyo, chifukwa osankha amangoona zolembedwa. Mpata wogwirizira mpando wa pamwamba kwa miyezi ingapo ukapezeka utengeni, ndipo bwana wanu mumuuze maso ndi maso kuti mukufuna kukwera, akuuzeni chimene chikusowa.