Nkhungu ya pa phiri la Zomba: yankho kwa achemwali a ku Kasungu

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina, mphunzitsi wa pulayimale ku Kasungu. Akuti anasunga ndalama miyezi inayi kuti sukulu zikatsekera abwere ndi mwana wawo kudzakwera phiri la Zomba. Minibasi inawafera pa Songani, anakhala pamsewu maola atatu, m'tauni n'kulowa kutada. M'mawa mwake atakwera phiri anapeza nkhungu yokhayokha, moti pamalo oonera patali otchedwa Emperor's View sanaone ngakhale mtengo wa patsogolo pawo. Funso lawo n'lakuti: "Ulendo wotere ndiuike pati mumtima mwanga? Mpaka lero zikundiwawa."

Achemwali, poyamba pepani. Ndalama ya mphunzitsi siibwera mwamasewera, ndipo sindikuuzani kuti musadandaule. Munalonjeza mwana kuti akaona nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje ali pamwamba, pamalo pomwe anaimapo mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia mu 1965, ndiye lonjezo lija silinatheke. Zimenezo zimapweteka ndithu.

Chomwe munakumana nachocho ife kuno timati chiperoni. Ndi mphepo yozizira, yonyowa, yochokera kunyanja yamchere kudzera ku Mozambique, ndipo dzinalo linachokera ku phiri la Chiperone la komweko. Ikagunda phiri lathuli, lomwe nsonga yake ya Malumbe imapitirira mamita 2,000, imakwera n'kuzizira, n'kusanduka nkhungu ndi kamvula kowaza. Miyezi ya Juni ndi Julayi ndiyo nyengo yake. Choncho simunalakwitse chilichonse, ndipo si tsoka lanu. Phirilo munalipeza lili pantchito yake, chifukwa chinyezi chomwecho chimathandiza kuti mtsinje wa Mulunguzi usaphwe, ndipo madzi amene munamwa m'tauni muno amachokera ku damu la pamtsinje umenewo.

Ndikuuzeni zanga. Chakumapeto kwa 2018 ndinapita ku Kachulu, doko la pa nyanja ya Chilwa, ndi cholinga chowolokera pa chilumba cha Chisi. Nditafika padoko ndinangoti kakasi. Madzi anali atathawira kutali, mabwato ali gone pa matope ong'aluka. Galimoto yobwerera inali yoti idikire anthu adzaze, ndiye ndinakhala pansi pa mtengo pafupi ndi agogo ena amene ankasoka ukonde, mtima uli m'mwamba, ndikuwerengera ndalama ndi tsiku lomwe ndataya.

Ndinawafunsa kuti, "Agogo, ukonde mukusokeranji madzi kulibe?" Sanafulumire kuyankha. Kenako anandifotokozera kuti nyanjayi anaionapo itauma mu 1968, anaionanso mu 1995, ndipo maulendo onsewo inabwerera. Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndi yosaya, imadalira mvula ndi mitsinje monga Domasi, Likangala ndi Phalombe. Ikamaphwa, matemba ndi milamba zimabisala m'maiwe a m'mitsinjemo, mvula ikagwa bwino zimatsikanso. Ukondewo ankasokera nsomba zimenezo.

Sindikufuna kuikometsa nkhaniyi. Chaka chimenecho mabanja a asodzi anavutika kwambiri, ndipo kuchedwa kwanga kunali kanthu kakang'ono poyerekeza ndi njala yawo. Koma pa maulendo onse amene ndapita ku Chilwa madzi ali tho, palibe umene ndimaukumbukira ngati madzulo amenewo. Ndikanakwera bwato monga ndinakonzera, agogo aja ndikanangowapatsa moni n'kudutsa. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kunena zoona ambirife sitidekha mwakufuna kwathu. Timadekha galimoto ikafa, mlatho ukakokoloka, kapena nkhungu ikatseka njira.

Tsopano bwererani ku kalata yanu yomwe. Pakati pa madandaulo aja munalemba mizere iwiri yomwe ine ndaiwerenga kangapo. Munati pa Songani mayi wogulitsa tomato anavula chitenje chake n'kufunditsa mwana wanu poona kuti akunjenjemera, ndipo anakana ndalama. Munatinso pamwamba pa phiri mwanayo anatambasula manja n'kufuula kuti, "Amayi, talowa mumtambo!" Munazilemba mongodutsa, ngati zosafunika. Kwa ine ulendo wanu wagona pamenepo. Mwana wokulira kuchigwa cha Kasungu anagwira mtambo ndi manja ake, ndipo anaona mlendo akumuchitira chifundo mosayembekezera malipiro. Kuvomereza kumene ndikunena si kunamizira kuti simunataye kanthu ayi. Ndi kulola kuti zomwe munapeza ziwerengedwe nazo, pambali pa zomwe munataya.

Mukadzafuna kubweranso, sankhani Epulo kapena Meyi, mvula itangotha kumene. Nthawi imeneyo kumwamba kumayera, utsi wa moto wolusa usanayambe. Kwerani m'mawa, ndipo ngati thumba lilola, siyani tsiku limodzi lopanda pulogalamu. Nkhungu ikadzakupezaninso, tsikirani ku mathithi a Williams, amene amakongola ngakhale kuli chiperoni, kapena yendani m'tauni mumuonetse mwana nyumba yakale ya malamulo, mumuuze kuti Zomba inali likulu la dziko lino mpaka 1975.

Koma musanakonze zonsezo, madzulo ano mukamadya nsima mumufunse mwanayo chimene akukumbukira za ku Zomba. Mudzandilembere zomwe ayankhe, ndikufuna ndizimve.