Za Freddy ndi mbiri ya Malawi kuno ku Joni

Achemwali, mwafunsa ngati atolankhani akunja anaipitsa mbiri ya dziko lathu pa nkhani ya namondwe wa Freddy. Sindingawanyoze kotheratu ayi. Mu Malichi 2023, BBC ndi Al Jazeera zitaonetsa matope atakokolola nyumba ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche, dziko lonse linadziwa, ndipo thandizo linabwera msanga. Kuntchito kwanga kuno ku Johannesburg, anthu amene sankadziwa n'komwe kuti Blantyre ili kuti anayamba kundifunsa za abale anga.

Chimene chimandiwawa n'chakuti makamera anachoka patangopita masabata ochepa, koma chithunzi chija chinatsala m'mitu ya anthu. Mpaka lero ndikanena kuti kwathu ndi ku Mulanje, ena amangokumbukira matope ndi maliro. Za minda ya tiyi kapena Sapitwa sazidziwa. Ine ndinkafuna dziko lione kwambiri achinyamata aja amene ankakumba ndi makasu kufunafuna anansi awo, ndi amayi amene ankaphikira anthu osawadziwa m'masukulu momwe anathawira. Azakhali anga anali m'gulu la ophikawo.