Yankho kwa asuweni pa nkhani ya khofi wa ku Pijao

Asuweni, ndamva funso lanu loti kodi anthu a kuno ku Pijao alemera tsopano popeza khofi wakwera mtengo. Koma inu ndimakudziwani, simungadzuke m'mawa n'kuyamba kudera nkhawa alimi a ku Colombia. Maso anu ali pa munda uja wa agogo, ndipo mukuganiza zosiya ntchito kuti mukabzalemo khofi. Musakane, akazi anu anandinong'oneza kale.

Pijao ndi tauni yaing'ono ya m'mapiri m'chigawo cha Quindío, ndipo mtengo wa khofi unakweradi, moti mu February 2025 khofi wa mtundu wa arabica anapitirira madola 4 pa paundi (pafupifupi theka la kilogalamu) ku msika wa ku New York. Bungwe la alimi la Federación Nacional de Cafeteros, lomwe linakhazikitsidwa mu 1927, limalengeza tsiku ndi tsiku mtengo wa makilogalamu 125 a khofi wouma, ndipo makopaletivi amagula khofi amene mlimi wabweretsa n'kumulipira pompopompo. Komabe alimi ambiri minda yawo sifika mahekitala 5, ndipo ndalama ikamalowa, othyola khofi, amene amalipidwa pa kilogalamu, amakhala atayima kale pakhomo limodzi ndi a ngongole ya feteleza.

Ndikukumbutseni za amalume anga, bambo anu aang'ono aja. Chinali chaka cha ukwati wa achemwali... ayi, chinali chaka chotsatira, denga la nyumba yaikulu litasasuka kale. Khofi wawo anagulidwa bwino kwambiri, ndipo anabwera ndi njinga yamoto ndi nsapato za ana onse, ngakhale inu amene munazitaya kumtsinje sabata yomweyo. Poona kuti zinthu zayenda, anazula nthochi ndi nyemba zonse zimene zinali pakati pa mizere, natenga ngongole yokulitsira munda powerengera mtengo wa chaka chimodzi chokhacho. Akazi awo anawachonderera kuti asiyeko ndime imodzi ya chakudya, koma iwo anati khofi adzagula zonse. Mbande zatsopano zinafuna zaka zitatu kuti zibereke, mtengo wa khofi pa msika unatsika zisanachite n'komwe maluwa, ndipo mitengo yakale inagwidwa ndi chiwawu. Ndinawapeza m'munda akutembenuza tsamba limodzilimodzi, kunsi kwake kuli ufa wachikasu umene unkatsalira pa zala zawo. Njinga ija inapita, kenako ndime ya kumtsinje, ndipo mukudziwa amene anaigula. Sanali munthu waulesi, ndipo zimandipweteka ena akamawanena choncho.

Kunonso anthu anadutsa m'zomwezo. Mu 1989 pangano la mayiko loteteza mtengo wa khofi linasiya kugwira ntchito ndipo mtengowo unatsika kwambiri, mu January 1999 chivomezi chinagumula nyumba zambiri, ndipo kuyambira 2008 chiwawu chija, chimene kuno amati roya, chinachititsa alimi kuzula mitengo n'kubzala mtundu wopirira wa Castillo. Achinyamata ambiri amatsikira ku mzinda wa Armenia kukafuna ntchito, moti nthawi yokolola othyola amasowa.

Tsono, eee... mabanja amene ndikuwaona akudya bwino ndi kuphunzitsa ana ndi amene ali ndi ndalama ina pambali pa khofi: nthochi m'munda momwemo, chipinda chogonetsa alendo amene anachuluka bungwe la mayiko loona za chikhalidwe la UNESCO litaika dera lino pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse mu 2011, kapena mwana wa pa ntchito ya malipiro a pamwezi. Khofi yekha sasunga banja chaka chonse, chifukwa amalipira pa nyengo yokolola pamene ana amadya tsiku lililonse. Inuyo malipiro anu ndiwo adzadyetse banja pa zaka zitatu zodikira zija, choncho bzalani ndime imodzi koma ntchito musasiye. Ndibwerezenso poti mumamva mbali yokoma yokha: kalata yosiyira ntchito musalembe. Munditumizire kukula kwa mundawo, ndipo mufunse kaye azakhali ngati avomera.