Mwana wokhoza fizikisi koma wokana udokotala: ntchito yoyeza makina owotcha khansa

Mayi wina amene mwana wake wamkazi ali Fomu 4 wafunsa motere: "Mwana wanga amakhoza masamu ndi fizikisi, koma udokotala akuukana chifukwa amaopa magazi. Aphunzitsi ake anamuuza kuti kuli ntchito yoyeza makina owotcha khansa. Ntchitoyi ndi yotani kwenikweni, ndipo munthu amadzera kuti? Sindikufuna aphunzire zinthu zoti akamaliza adzangokhala pakhomo."

Mayi, ntchitoyi ilipodi, ndipo woigwira amatchedwa medical physicist. Tiyambe ndi zimene amachita akalowa m'chipinda cha makina, chifukwa mwana wanu akaziwerenga adziwa yekha ngati mtima wake uli pamenepa.

Makina amene zipatala zambiri zikugwiritsa ntchito masiku ano powotcha khansa ndi linac, yomwe imatulutsa cheza champhamvu (radiation). Ali ndi mkono wolemera matani angapo, wotchedwa gantry, umene umazungulira wodwala atagona pabedi. M'mutu mwa mkonowo muli collimator, yomwe imadula cheza kuti chifanane ndi maonekedwe a chotupa, ndipo nayonso imazungulira. Bedi nalo limatembenuka. Zozungulira zitatuzi zimayenera kukumana pa kadontho kamodzi ka m'malere, masentimita 100 kuchokera pomwe cheza chimatulukira. Kadonthoko ndi isocentre. Sikaoneka ndipo sikagwirika; timizere ta laser tochokera pakhoma ndi timene timaloza pomwe kali, ndipo chotupa chimaikidwa pamenepo. Papepala ndi kadontho, koma pa makina enieni chitsulo chimawerama pang'ono ndi kulemera kwake, zozungulira zimaperepeseka, khoma logwira laser limasuntha nyumba ikamakhazikika. Choncho cheza chimayendayenda m'kadera kakang'ono, ndipo wina ayenera kudziwa kuti kaderako kakula bwanji ndipo lero kali pati.

Malire ake analembedwa. Lipoti la TG-142, lomwe AAPM, bungwe la akatswiri a ntchitoyi ku America, linatulutsa mu 2009, limalola laser kuphonya mpaka mamilimita 2 pa chithandizo wamba, koma milimita 1 yokha pa chithandizo cha stereotactic, pomwe cheza chambiri chimalunjikitsidwa pa kachotupa kakang'ono. Chifukwa chake n'chomveka. Mayi wodwala khansa ya khomo la chiberekero amalandira pafupifupi 2 Gy (Gy ndi muyeso wa cheza chimene thupi lalandira) patsiku kwa masiku ngati 25, ndipo dokotala amasiya mpata kuzungulira chotupa. Wodwala kachotupa ka muubongo amatha kulandira 15 mpaka 24 Gy tsiku limodzi, pafupi ndi mtsempha wa maso kapena tsinde la ubongo. Pamenepo mukaphonya mwaphonyeratu.

Muyeso wotchuka wa zimenezi ndi Winston-Lutz, wochokera kwa Wendell Lutz ndi Ken Winston amene anaufotokoza mu 1988 ku Boston. Zipangizo zake n'zochepa: kampira kachitsulo ka mamilimita 5 kapena kuposerapo pang'ono, komangidwa kunsonga ya kandodo. Kandodoko amakamangirira kumapeto kwa bedi, n'kusuntha kampirako pang'onopang'ono mpaka timizere ta laser tadutsa pakati pake. Kenako amatsegula kawindo kakang'ono ka cheza, mwachitsanzo masentimita 2 mbali zonse, n'kujambula pa chojambulira cha makinawo, EPID. Poyamba ankagwiritsa ntchito filimu. Amajambula gantry ili pa madigiri 0, 90, 180 ndi 270, kenako atatembenuza collimator, kenakonso atatembenuza bedi, monga pa 45, 90, 270 ndi 315. Chithunzi chilichonse chimaonetsa mthunzi wa kampira mkati mwa kawindo. Kompyuta imapeza pakati pa mthunzi ndi pakati pa kawindo, n'kupereka kusiyana kwake. Pa stereotactic kusiyanako kusapose milimita 1.

Kujambula aliyense angaphunzire m'masiku ochepa. Chimene amalembera munthu wa fizikisi ndi kumasulira zithunzizo. Mthunzi ukapendekera kumanja pa chithunzi cha 0 koma kumanzere pa cha 180, ndi mlingo wofanana, makina alibe mlandu: kampira kanaikidwa pambali, ndiye kuti laser yasuntha kapena woika anaphonya. Ukapendekera mbali imodzimodzi pa zithunzi zonse ziwiri, vutolo likuyenda limodzi ndi gantry, ndiye lili m'mutu mwa makina. Apa mumatembenuza collimator. Kupendekera kukatembenuka nayo, timasamba tachitsulo ta mu collimator todula cheza sitinakhale pakati ndipo tikufunika kutcheredwanso. Kukakhala pomwepo, gwero la cheza ndi limene lachoka pamzere, ndipo injiniya ayenera kuliwongola. Kusiyana kolowera kumutu kapena kumapazi kwa wodwala, kumene kumasintha pakati pa 0 ndi 180, ndi kuwerama kwa mkono kuja. Linac iliyonse ili nako pang'ono, chofunika n'chakuti kusakule. Zithunzi zonse zikakhala bwino kupatula za bedi lotembenuzidwa, chozungulira cha bedi ndi chimene chachoka pakati.

Cholakwa chimene ophunzira atsopano amachita kawirikawiri ndi kuthamangira kukonza laser kuti manambala akongole, asanapeze gwero. Manambala amakongoladi tsiku limenelo, koma vuto la m'mutu mwa makina likadalipo, ndipo tsopano labisika.

Winston-Lutz si muyeso wokhawo. M'mawa uliwonse, wodwala woyamba asanalowe, amaika kabokosi kapulasitiki kokhala ndi chizindikiro mkati, n'kuona laser, chowerengera mtunda pa masentimita 100, ndiponso ngati zithunzi zolozera wodwala zikugwirizana ndi pomwe cheza chikugwa. Amayeza ngati mlingo wa cheza sunasinthe kuposa 3 peresenti, ngati makina akuzima chitseko chikatsegulidwa, komanso ngati kamera ndi cholankhulira wodwala zikugwira ntchito. Mwezi uliwonse malire a mlingo amatsika kufika 2 peresenti, ndipo timasamba ta collimator timayesedwa pojambula mizere yonga mpanda kuti kotsalira kaoneke. Pachaka pamakhala muyeso waukulu wa m'thanki ya madzi. Makina akakonzedwa, pulogalamu ikasinthidwa, ngakhale kukachita chivomezi, zimene kwathu kuno sizachilendo, miyeso yokhudzidwa imabwerezedwa.

Kuloza molondola pakokha sikukwanira. Ku Toulouse m'dziko la France, pakati pa 2006 ndi 2007, odwala 145 analandira cheza chopitirira pa chithandizo cha stereotactic chifukwa poyeza tiwindo tating'ono kwambiri anagwiritsa ntchito choyezera chachikulu kuposa tiwindoto. Choyezeracho chinawerenga mochepa, ndipo nambala yolakwikayo inalowa mukompyuta yowerengera chithandizo cha aliyense. Dokotala akalakwitsa amavulaza wodwala mmodzi. Woyeza makina akalakwitsa amavulaza onse ogona pabedi limenelo mpaka cholakwacho chitapezeka.

N'chifukwa chake timati kukhoza fizikisi ndi theka chabe. Muonetsetse mwana wanu: akapeza yankho losagwirizana ndi la m'buku, amabwereza kapena amangokopera? Amalemba zimene wayeza kapena zimene amayembekezera? Tsiku lina adzapeza milimita 1.4 pomwe malire ndi 1, odwala ali pabenchi, ena achokera kutali ndi ndalama yobwereka, dokotala wamkulu akufunsa chomwe chachedwetsa. Adzafunika kunena mwaulemu kuti chithandizo cha mtundu umenewo lero chiyambe chaima. Adziwenso kuti miyeso yambiri imachitika madzulo kapena Loweruka, odwala atachoka. Za magazi musamunamize kuti kulibiretu: pa brachytherapy, pomwe gwero la cheza limalowetsedwa m'thupi, monga pa khansa ya khomo la chiberekero, munthu wa fizikisi amakhala pafupi ndi wodwala. Koma sapanga opaleshoni ndipo satsuka mabala.

Makolo ambiri amaopa kuti cheza chidzamulepheretsa kubereka. Makina akamawotcha, ogwira ntchito amakhala kunja, kuseri kwa makoma okhuthala a konkire, ndipo linac ikazima cheza chowotchera chimasiya kutuluka. Aliyense amavala kabaji kowerenga cheza chimene walandira. Malire a padziko lonse ndi 20 mSv (muyeso wa cheza chimene munthu walandira) pachaka potengera avereji ya zaka 5, ndipo m'chipatala choyendetsedwa bwino anthu amakhala kutali kwambiri ndi malirewo. Kuno kwathu oyang'anira zimenezi ndi Atomic Energy Regulatory Authority.

Tsopano za njira. Pa MSCE alimbikire masamu, fizikisi ndi kemisitiri, osataya bayoloje, ndipo apeze makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi. Digiri yoyamba ikhale ya fizikisi yeniyeni yokhala ndi masamu ambiri, monga ya ku University of Malawi ku Zomba. Imatenga zaka 4. Ali kumeneko aphunzire kulemba mapulogalamu a kompyuta, makamaka Python, chifukwa zithunzi tafotokozazi amaziwerenga ndi mapulogalamu otere. Kenako pamafunika masitazi ya medical physics. Ena a mu Africa amakaichita ku University of Ghana, ku South Africa, kapena ku ICTP, malo ophunzirira fizikisi a mumzinda wa Trieste ku Italy, komwe chaka choyamba ndi cha m'kalasi ndipo chachiwiri ndi cha m'chipatala. Pomaliza pali kuphunzira ntchito m'chipatala pansi pa katswiri, kumene bungwe la IAEA, loona za mphamvu ya atomiki padziko lonse, limalangiza kuti kukhale kwa zaka zosachepera 2. Muwerengere zaka ngati 8 kuchokera pa Fomu 4. Thandizo la maphunziro la IAEA limadzera kuboma, ndipo nthawi zambiri limapita kwa amene ali kale pantchito yokhudza cheza, ndiye akamaliza digiri yoyamba afunefune malo m'chipatala, kuyunivesite kapena kwa oyang'anira cheza m'malo modikira kunyumba.

Pali njira zina ziwiri zolowera m'chipinda chomwecho. Radiation therapist ndi amene amagoneka wodwala, kuyendetsa makina ndi kuchita miyeso ya m'mawa. Ambiri amayambira pa radiography, monga dipuloma ya ku Malawi College of Health Sciences, kenako n'kuwonjezera maphunziro a radiotherapy. Wokonda kumasula ndi kukonza angatenge biomedical engineering ku MUBAS kapena MUST.

Pa nkhawa yanu ya kukhala pakhomo, sitikubisirani: malo a ntchitoyi ndi ochepa, chifukwa amatsata chiwerengero cha makina. Alipo ku National Cancer Centre pa Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, ku chipatala cha khansa chomwe si cha boma ku Blantyre, ndi ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka. Koma odziwa ntchitoyi nawonso ndi ochepa, makina a X-ray ndi CT m'zipatala zina amafunanso woyeza, ndipo digiri ya fizikisi payokha imatsegula uphunzitsi ndi ntchito za miyeso monga za ku Malawi Bureau of Standards.

Mupatseni masamu awiri awa usiku uno. Chojambulira chili pa masentimita 150 kuchokera ku gwero, kampira kali pa 100, ndipo pachithunzi mthunzi waphonya ndi milimita 1.2, kampirako kaphonya ndi zingati? Yankho ndi 0.8, chifukwa chithunzi chimakuza ka 1.5. Lachiwiri: mutu wa wodwala wapendekeka ndi digiri 1, ndipo chotupa chili masentimita 10 kuchokera pa isocentre, chasuntha ndi zingati? Akagwiritsa ntchito sine wa Fomu 3 apeza pafupifupi milimita 1.7. Akatha, mumufunse ngati wodwala ameneyo angamulole kulandira 20 Gy tsiku limenelo, ndipo afotokoze chifukwa chake.