Denga limodzi ndinalifolera kawiri, musachite zanga

Achimwene, imani kaye, ndapota nanu. Mwati denga la nyumba yanu ya mu estate, malo aja a nyumba zambiri mumpanda umodzi okhala ndi geti ndi malamulo awoawo, likudontha, ndipo mukufuna kuitana mmisiri komiti isanavomereze. Mmisiri ameneyo musamuitane Loweruka likubwerali. Maganizo muli nawowo, oti poti komiti ya estate yakhala chete masabata atatu ndiye mungokhoma malata kuseri sakaona, ndi omwewo anandidyera ndalama zimene ndinkasungira poloti kumudzi. Ndikulemba pano manja akunjenjemera.

Ine ndili mu estate ina chakuno ku Midrand, nyumba ya bond, ngongole ya kubanki, ndinalowa 2019. Amene muli ku Joni mukukumbukira matalala a pa 13 Novembala 2023, Lolemba lija madzulo, misewu inachita kuyera ngati athira ufa. Kwathu matailosi osweka sanali ambiri ayi, mwina 30. Chinatipha ndi paja pamakumana mbali ziwiri za denga, amisiri amati valley. Matalala anaunjikana pamenepo, madzi n'kusowa kolowera, n'kuyamba kubwerera pansi pa matailosi. Ife m'nyumba sitikudziwa kanthu. Ana akutola matalala pakhonde n'kumaika m'makapu, tikuseka, tikutumiza mavidiyo kumudzi. Tinadya nsima, tinakagona.

Cha m'ma 2 koloko usiku ndinamva chiphokoso ngati munthu waponya thumba la chimanga kuchokera pamwamba pa lole. Kenako mwana kukuwa. Magetsi anali atathima, madzi analowa m'mababu a m'siling'i aja. Ndinathamanga mumdima, phazi kuponda madzi ozizira ngati a m'firiji. Kuyatsa tochi ya pafoni, siling'i yonse ya chipinda cha ana ili pansi, bolodi lija litasanduka phala, chithonje chija amayala pamwamba pake chitamwa madzi, chili lende, chakuda bii ndi fumbi. Wamkulu wakhala pakona wagwira mutu. Wamng'ono sakuoneka. Achimwene, sakuoneka. Mayi ake akungofuula dzina la mwana, ine ndagwada ndikufukula ndi manja ngati ndikukumba mbewa, zala zikutuluka magazi osamva n'komwe. Ndinamupeza m'bulangete, chibolodi chitamugwera kumiyendo. Pakati pa mutu wake ndi pamene chinamenya, mpata wake chikhatho changa ichi. Sanalire. Anangondiyang'ana, kumaso kuli mbuu. Mpaka lero mvula ikangoyamba kugunda amanyamula pilo kubwera kudzagona pakati pathu. Tinachezera kutunga madzi, ndowa, mabeseni, mpaka poto wa nsima. Mayunifolomu, mabuku a sukulu, matiresi awiri, zonse zinapita usiku umenewo.

Kutacha ndinalembera estate manager, zithunzi zonse ndinaika. Yankho linabwera tsiku lachitatu, ndipo munalibe ngakhale "pepani, mwana ali bwanji". Munali fomu. Ndilembe mtundu wa tailosi, utoto wake, ndibweretse tailosi imodzi adzaione, kontilakita akhale wolembetsedwa pageti, anzanga oyandikana nawo asaine, ndilipire ya fomu, ndilipirenso dipoziti yoti lole ikaphwanya msewu wawo adzadulepo. Komiti yoona maonekedwe a nyumba imakumana kamodzi pamwezi, ndipo mwatsoka inali itakumana kale sabata yathayo. Dikirani.

Ndinakagula tenti yabuluu, kuyala padenga, kutsamiza ndi njerwa. Sipanathe sabata, kalata. Akuti tenti ikunyansitsa estate, ichoke. Mukumva? Anthu omwe anasowa nthawi yoti akumane pa nkhani ya siling'i yogwera mwana, nthawi yolemba za utoto wa tenti anaipeza. Pali mdala wina m'komitimo, anapuma pantchito, ntchito yake tsopano ndi kuyenda ndi galu m'mamawa foni ili m'manja, kujambula kapinga wa anthu ndi mabini. Ndinamuimitsa pamsewu, ndinati bambo, lowani mudzaone nokha. Anakana. Akuti nkhani za komiti sakambira panjira, nditsate ndondomeko. Galu wake akununkhiza matiresi a ana anga amene ndinayanika pakapinga, ndipo matiresiwo anawatchulanso m'kalata yotsatira. Munthu ameneyo ndikamuona mpaka lero ndimawoloka msewu, ndimaopa tchimo.

Ndiye mukudziwa kuno, pakati pa Disembala amisiri amatseka, estate nayo imatseka geti kwa makontilakita mpaka Januwale. Mvula ndiye ili pachimake. Ndinawerenga masiku ndinaona kuti Khirisimasi tidyera pansi pa tenti, tonse anayi pabalaza. Apa mutu unasiya kugwira.

Pali mnyamata wakwathu, timapemphera limodzi, dzanja lake ndi labwino, sindimunena. Anakwera, anaona, anati akulu, matailosi a mtundu uwu anasiya kupanga, ofananako alipo koma sagwirana bwino ndi akalewa, utoto nawo ndi wowala, denga lidzaoneka ngati malaya a zigamba. Bwanji mbali yakuseri yonse, pamwamba pa zipinda zogona, tingoika malata a IBR otuwa, wapamsewu sangaone. Ine kwathu denga ndi malata, ndinakulira m'malata, ndinati basi. Tinalowetsa malatawo Lachisanu usiku pa bakkie ya mnzanga, amisiri analowa Loweruka ngati alendo odzadya nkhomaliro. Pofika Lamulungu madzulo ntchito yatha. Usiku umenewo kunagwa chimvula, m'nyumba osalowa dontho. Ndinagona tulo kwa nthawi yoyamba mwezi wathunthu.

Lachiwiri imelo yochokera ku estate, ndi chithunzi. Neba wakuseri nyumba yake ndi yosanja, anajambulira pawindo la bafa. Munthu amene ana ake amadya mandasi pakhomo panga. Chindapusa cha kontilakita wosalembetsa, china chogwira ntchito Lamulungu, ndiye china cha R2,000 mwezi uliwonse mpaka malata achoke. Sakutumizira padera ayi, amangoziphatikiza pa levy, ndalama ija timalipira ku estate mwezi ndi mwezi, chiwongoladzanja pamwamba.

A inshuwalansi nawo, munthu wawo wodzayesa anabwera Januwale chifukwa matalala aja anaphwanya nyumba ndi magalimoto ambirimbiri, mzere unali wautali. Anafunsa, matailosi oswekawo ali kuti? Tinali titataya. Siling'i ndi katundu analipira poona zithunzi, atadula gawo langa. Denga anakana. Akuti sangayese chinthu chimene palibe, komanso pa chithunzi china mu valley mukuoneka masamba a mitengo, ndiye kuti sindinkasamala. Mbali imeneyo ndinaluza ndekha, ndivomere.

Ndinafuna kumenya nkhondo. Ndinati nyumba ndi yanga, banki ndikulipira ndine, wina angandiuze bwanji chofolera. Loya wina wa kutchalitchi anandikhazika pansi n'kunditsegulira title deed yanga yomwe, chikalata cha umwini wa nyumba. Muli mzere woti mwini nyumbayi ndi membala wa bungwe la eni nyumba, sangatulukemo, ndipo sangagulitse popanda kalata yawo yoti alibe ngongole. Ndinasaina ndekha 2019 ndikusekerera makiyi. Anandiuzanso za mlandu wa estate ya Mount Edgecombe ku KwaZulu-Natal, umene Supreme Court of Appeal inagamula mu 2019 pa nkhani ya zindapusa za liwiro la galimoto m'kati mwa estate. Khoti linati malamulo a estate ndi mgwirizano umene munthu analowa mwa kufuna kwake, ndiye amamumanga. Ndinatuluka m'menemo miyendo ili zii.

Chinandiwawa koposa ndi injiniya amene ndinalemba ndi ndalama zanga kuti andiikire kumbuyo. Analowa m'denga, anatuluka akupukusa mutu. Matailosi amakhala pa timatabwa ta 38 kwa 38, malata amafuna matabwa okulirapo, a 50 kwa 76. Mnyamata uja anakhomera pa timatabwa tomwe tija. Chinanso, matailosi a simenti ndi olemera, sikweya mita imodzi imapitirira makilogalamu 40, kulemerako ndi kumene kumapanikiza denga. Malata ndi opepuka, ngati mapaso sanamangiriridwe mwamphamvu kukhoma, chimphepo chimanyamula zonse ngati chipewa. Anati sangasaine. Ndiye kuti komiti ija, ndi nkhanza zake zonse, pa mfundo imeneyi inali ndi chilungamo, ngakhale iwo sankadziwa n'komwe za matabwa, iwo nkhani yawo inali utoto.

Kumene ndinapezako mpweya ndi ku CSOS, Community Schemes Ombud Service, bungwe la boma lomva madandaulo a anthu okhala m'ma estate. Lamulo lake ndi la 2011, anayamba ntchito 2016, ndipo tonsefe timawalipira, taonani pa sitetimenti yanu ya levy pali kamzere kawo, sikapitirira R40 pamwezi. Amafuna uonetse kuti unayamba wadandaula kwa eni ake a estate. Amayamba ndi kukuyanjanitsani, zikakanika wina amagamula, ndipo chigamulocho chimagwira ntchito ngati cha khoti. Ife zinathera pa kuyanjanitsa. Chinandipulumutsa ndi maimelo, aliyense ndi tsiku lake, kuonetsa kuti ndinapempha kangati iwo ali duu. Za tenti anazichotsa, za mwezi ndi mwezi anadula pakati. Koma malata achoke. Anachoka mu Epulo. Mmisiri wachiwiri, wa pamndandanda wawo, wodula kawiri, ndi amene anandiphunzitsa nzeru yoti ndikanaidziwa poyamba: pali mayadi ogulitsa matailosi akale ochotsedwa pa nyumba zina, umapita ndi yako imodzi m'manja n'kukafananitsa. Ndipo ukasowa okwanira, akale abwino umawaika mbali yapamsewu, osiyanako kuseri. Anga ndinawataya, ndiye ndinagula mbali yonse. Malata aja ndinatumiza kumudzi pa ngolo ya basi, ndi mabowo awo omwe. Panopa afolera khola la mbuzi kwa amayi. Mbuzi zija zikugona bwino kuposa mmene tinagonera ife.

Ndiye inu, simunanene ngati ndi full title kapena sectional title, ndipo nkhani yonse yagona pamenepo. Ngati ndi sectional, denga si lanu. Chanu chimathera pakatikati pa siling'i, kumwambako ndi kwa body corporate, bungwe la eni nyumba nonse, kukonza ndi iwo, inshuwalansi ya nyumba ndi iwo, ndipo lamulo limawakakamiza kusunga thumba la ndalama zokonzera ndi pulani ya zaka 10. Musaikepo khobidi lanu, apanikizeni ndi makalata. Ngati ndi full title ngati ine, denga ndi lanu, ngongole ndi yanu, koma maonekedwe ndi awo. Pezani kabuku kawo ka malamulo a kamangidwe muwerenge nokha, musamve za pageti. Ine ndinadzapeza mochedwa kuti kwathu kubwezera tailosi yofanana pamalo pa yosweka sikunkafuna komiti, kunkangofuna kudziwitsa ofesi. Manager uja sanandiuze, anangonditumizira fomu yosinthira denga. Zonse zikhale zolemba, za pakamwa ndi za "ndikuimbirani" ndi mphepo. Tailosi yosweka iliyonse sungani pakona mpaka wa inshuwalansi aione. Levy musasiye kulipira ngakhale mwakwiya bwanji, mukasiya mwawapatsa chikwapu. Musakhome msomali ngakhale umodzi kalata yawo isanafike.

Koma achimwene, ndisakunamizeni. Ngati madziwo akudonthera pamwamba pa bedi la mwana, musadikire munthu. Kwerani, tsekani ndi chilichonse chimene muli nacho, alembe zindapusa zawozo, mudzakangana nawo ku CSOS mwana ali moyo. Ine atandibwezera Disembala uja, mvula ikugwa ana ali pabalaza, sindikulonjeza kuti sindingakhomenso.

Mwati siling'i yayamba kutupa. Usiku uno ana asagone m'chipinda chimenecho. Thimitsani magetsi a mababu pa bokosi, ikani ndowa, boolani pakati pa chotupacho ndi screwdriver madzi atsike, jambulani vidiyo. Mawa kukacha, denga litauma, wina akwere akachotse masamba mu valley.