Musabetche ndi munthu wodziwa pakhomo panu

Achimwene, K100,000 imene mukufuna kubetcherana ndi mnzanu wa kuntchitoyo kuti Arsenal itenga ligi, chonde muyambe mwamva zanga. Ndangoona positi yanuyi mtima wayambanso kuwawa ngati zachitika dzulo.

Ine zinandionekera sizoni ya 2022/23. Mukukumbuka nonse mmene anyamata a Arteta, kochi wa Arsenal, ankauthira mpira, masiku 248 tili pamwamba pa tebulo. Tsiku limene tinachinya Man United 3-2 mu January, Nketiah atamwetsa chachitatu kothera kwenikweni, ndinali ku shoo ya mpira kwathu kuno. Mnyamata wina wa United, woyandikana naye nyumba, anaimirira n'kunena kuti ngati ndine mwamuna tibetche. Ndinavomera K200,000 pamaso pa anthu odzaza shoo. Osalemba paliponse, kungogwirana chanza basi. Pangano lake linali loti wolephera adzapereke ligi ikatha, kumapeto kwa May. Mawu amenewo muwasunge: ligi ikatha.

Mu March Reiss Nelson atachinya Bournemouth pa mphindi ya 97 ija, ine ndalamayo ndinkaiwerengera ngati ili kale m'thumba. Kenako Saliba, wotchinga kumbuyo wathu, n'kuvulala msana pa gemu ya Sporting, kumbuyo kuja kunangoti phwasu. April ndiye musanene. Ku Anfield kwa Liverpool titsogola 2-0, ithera 2-2. Ku West Ham titsogolanso 2-0 mphindi khumi zokha, Saka aphonya penate, 2-2. Southampton imene inali kumchira kwenikweni kwa tebulo, goloboyi wathu Ramsdale angopatsira mpira mdani mphindi imodzi isanakwane, tichita kulira kuti tipeze 3-3 pakwathu pomwe. Lachitatu pa 26 April, Man City inatikwapula 4-1 ku Etihad. De Bruyne ziwiri, Stones cha mutu, Haaland chomaliza atamasula tsitsi lake lija. Ndinafika kunyumba cha m'ma 11 usiku, nsima osaikhudza.

M'mawa mwake, 6 koloko isanakwane, ana akumwa phala kuti azipita kusukulu, tinangomva odi wa ukali. Anali iyeyo ndi anzake awiri. Akuti ligi yatha, akufuna ndalama zake, ndipo akuti tinagwirizana K300,000. Ndinatulutsa foni n'kumuonetsa tebulo: Arsenal mapointi 75, City 73. Tinali tikadali pamwamba, achimwene! Inde City inali ndi magemu awiri m'manja, koma ligi inali isanathe, kunali kutatsala mwezi wathunthu. Sanayang'ane n'komwe. Anati ngati ndalama palibe atenga chikole.

Mayi a kunyumba amasoka. Makina awo opalasa ndi phazi amakhala pakhonde, ndipo m'mawa umenewo anali atayamba kale ntchito, yunifolomu ya mwana wa eni ili pansi pa singano. Anyamata awiri aja ananyamula makinawo momwemo, nsalu ikulendewera, ulusi ukukokeka pansi mpaka kumsewu. Mkazi wanga sankadziwa chilichonse za kubetchaku. Sanalankhule, sanalire, anangoima ndi sizasi m'manja akundiyang'ana ine. Mwana wanga wamkazi anasiya phala n'kukabisala kuseri kwa chitseko. Anthu oyandikana nafe atatuluka ndi misuwachi kukamwa, kuonerera. Mpaka lero ndikamva phokoso la makina osokera m'mawa, maso aja ndimawaonabe.

Munthu ameneyo ndi woipa mtima, ndikunena poyera. Bambo ake atamwalira ndinagona nawo pa maliro masiku awiri, manda ndinakumba nawo. Ana ake ankadya kwathu. Timu yake yomwe sinali pa mpikisano wa chikhocho, iye ankangofuna kuti ine ndichite manyazi pamaso pa banja langa. Makina aja sanali anga, sanali m'pangano, ndiwo ankatigulira ndiwo ine malipiro akachedwa. Ndipo a mu shoo aja, amene ankakuwa kuti "tamva, ndife mboni", nditawafuna aliyense ankati phokoso linachuluka, sanamve bwino ngati inali 200 kapena 300. Anthu oonera nawo mpira Loweruka lililonse!

Zinatenga masabata awiri kuti amfumu a m'dera mwathu atiitane. Iwo anati za kubetcherana sazilowerera, koma makina a mayi abwezedwe tsiku lomwelo. Anabwera lamba atadulidwa, bobini palibe. Makasitomala atatu anali atatenga kale nsalu zawo kupita nazo kwa telala wina. Pa 20 May Nottingham Forest inatichinya 1-0, City n'kutenga chikho isanalowe n'komwe m'bwalo. Tinathera pa 84, iwo 89. Ndinapereka K200,000 yake yonse, mbali ina ya katapila, ndipo ngongoleyo ndinamaliza mu October. Sitilankhulana mpaka pano, tikakumana panjira aliyense amayang'ana kumbali.

Ndiye ine ndikuti zisiyeni, achimwene. Ligi ya ku England ndi magemu 38, wosewera mmodzi akavulala mu March zonse zimatembenuka, ndipo inuyo mulibe mphamvu pa msana wa munthu amene ali ku London. Mnzanuyo mumaonana naye tsiku lililonse ku ntchito, tsiku la malipiro anu akulidziwa, mwina ndi kunyumba kwanu komwe akukudziwa.

Koma ngati mwatsimikiza mtima, musachite ngati ine. Lembani papepala ndalama yake ndi deti lolipirira, nonse musaine. Ndalama zonse ziwiri muzipereke lero lomwe kwa munthu wamkulu yemwe sachemerera timu iliyonse, pasadzakhale wotsatira mnzake pakhomo. Alamu athu muwauze musanagwirane chanza. Ndipo musalole kuti akukakamizeni kuwonjezera timu ikapambana gemu yaikulu, nthawi imeneyo mutu sugwira. Ineyo sizoni ino ndaikapo K20,000 ndi mlamu wanga, pepala lili kwa apongozi, chifukwa Arsenal ndimaikhulupirirabe ndipo sindingaime pambali anthu akuinyoza.