Kodi kafukufuku wa RNA splicing wathandiza ndani?

Akulu mwafunsa kuti asayansi amene amathera moyo wawo onse pa RNA splicing amapindulira chani anthu, kapena ndi zongodyera ndalama za kafukufuku basi. Ine ndikuti tamvani kaye nkhani ya Adrian Krainer, chifukwa pali ana amene lero akukhala tsonga, ena mpaka kuyenda, chifukwa cha ntchito ya bambo ameneyu.

Splicing yo ili chonchi. Jini ikamagwira ntchito selo limakopera uthenga wa mu DNA nkuuika mu RNA, koma uthengawo umatuluka ndi zigawo zina pakatipakati zomwe sizipita ku puloteni, zimenezo ndi ma intron, zofunikazo ndi ma exon. Nde selo limadula ma intron nkulumikiza ma exon ngati mmene telala amadulira nsalu nkusoka zidutswa zoyenera. Izi anazitulukira mu 1977 Phillip Sharp ku yunivesite ya MIT ndi Richard Roberts ku malo a kafukufuku a Cold Spring Harbor, konseko ku America, akufufuza kachilombo ka adenovirus, Nobel anadzalandira mu 1993. Nthawi imeneyo palibe mwa iwo amasaka mankhwala, amangofuna kudziwa mmene selo limagwilira ntchito.

Krainer anabadwira ku Uruguay, PhD anapanga ku Harvard, ndipo kumeneko anali mmodzi wa omwe anakwanitsa kuti splicing izichitika mu kabotolo kunja kwa selo, zomwe zinathandiza kuti munthu azitha kuchotsa chinthu chimodzi nkuona chomwe chasintha. Mu 1986 anapita ku Cold Spring Harbor nkukhala zaka ndi zaka akufufuza funso looneka ngati laling'ono, loti selo limadziwa bwanji kuti exon iyi ilowe iyi idumphidwe.

Pano nde mumvetsetse. Pali matenda obadwa nawo otchedwa SMA, mwana amabadwa jini ya SMN1 palibe kapena yowonongeka, ndiye mitsempha ya mu msana yomwe imalamula minofu imayamba kufa. Mtundu woopsa kwambiri mwana amafooka ali wa miyezi yochepa, khosi osalimba, kukhala osakhala, kumeza kumavuta, kupuma amapuma ndi mimba chifukwa nthiti zilibe mphamvu, ndipo ambiri samafika zaka ziwiri popanda makina opumira. Chowawa nchoti nzeru za mwanayo zimakhala bwinobwino, maso amakutsatirani, amakuzindikirani, thupi lokha ndi lomwe likukana.

Koma mwana yemweyo ali ndi jini ina ya SMN2 yomwe ndi yofanana pafupifupi ndendende ndi yosowayo, kungoti kusiyana kwa chilembo chimodzi mu uthenga wa DNA kumapangitsa kuti selo lizidumpha exon 7 nthawi zambiri, puloteni imatuluka yoduka nkuwonongeka msanga. Mwaona? vuto lonse ndi la splicing. Krainer pamodzi ndi Frank Bennett wa kampani ya Ionis anapanga kachingwe kakafupi ka zilembo 18 zokha komwe kamakamatira pa RNA pamalo pomwe pamalepheretsa exon 7 kulowa, ndipo pakaphimbidwa pamenepo selo limayamba kuiyika nkupanga puloteni yathunthu. Malo amenewo anawatulukira ndi Ravindra Singh ndi anzake, bwino tizimutchulanso chifukwa nkhanizi zimakonda kukweza munthu mmodzi pomwe ogwira anali ambiri.

Mankhwalawo ndi nusinersen, pamsika amati Spinraza. Powayesa pa makanda zotsatira zinaoneka msanga moti kafukufukuyo anamuimitsa nthawi isanakwane kuti nawonso ana omwe sankalandira ayambe kulandira, ndipo FDA, bungwe la boma la America loona za mankhwala, linawavomereza mu December 2016, oyamba enieni a SMA. Krainer ndi Bennett analandira mphoto yaikulu ya sayansi yotchedwa Breakthrough Prize ya 2019. Kuchoka 1977 kufika 2016 ndi zaka 39, ndipo zambiri mwa zakazo munthu akanafunsa funso lanu lomweli asayansiwo sakanakhala ndi mwana olo mmodzi woti amuloze.

Sindikuti zonse zili bwino ayi. Mankhwalawa sachiza kotheratu, mitsempha yomwe yafa kale siyibwerera, nchifukwa chake amagwira bwino kwambiri mwana akayamba asanaonetse zizindikiro. Amabaya jakisoni mu msana, akamaliza oyambilira nde miyezi inayi iliyonse moyo wonse. Ndipo mtengo wake umandipweteka mtima, ku America unayambira madola 750,000 chaka choyamba kenako 375,000 chaka chilichonse, ndiye ana ambiri padziko pano sawaona nkomwe. Apo nde pofunika kukalipa ndithu, koma tikalipire okhazikitsa mitengo osati ofufuzawo. Mu 2020 kunabweranso risdiplam wa kampani ya Roche, ameneyu ndi wakumwa, mwana amamwera kunyumba tsiku lililonse, ndipo nayenso amagwira pa exon 7 yomweyo ya SMN2.